MAGALASI A KOMPYUTA, KALILOLE NDI NSOLO: N'CIANI CIMADZUTSA DZANJA LA WODWALA SITIROKO?

Anthu ambiri amene agwidwa ndi matenda a sitiroko ku midzi ya ku Kasenengwa amathera m'nyumba za ana ao m'tauni ya Chipata. Nkhani yake imayenda mofanana. Bambo wacikulire wagwa ali ku dimba, kapena wauka m'mawa pakamwa patapotoka, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zitafooka. Am'nyamula pa ngolo kufika ku kiliniki, ndipo a ku kiliniki am'tumiza ku cipatala ca Chipata Central. Tsiku lotuluka, ana amapangana kuti, "Atate asabwerere kumudzi, akhale kuno pafupi ndi cipatala," ndipo amawapatsa cipinda ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika. Masabata oyamba alendo amabwera ndi zipatso ndi mapemphero. Pakatha mwezi alendo aleka, ndalama ya galimoto yopitira ku physio yacepa, ndipo wodwala wangokhala pa mpando pa khonde, dzanja lili pa miyendo ngati la munthu wina.

Masiku ano pali cinthu cina caonjezeka pa nkhani imeneyi. Mdzukulu amabwera ndi foni, naonetsa banja kanema wa odwala a ku maiko a kunja atabvala magalasi aakulu kumaso, akutambasula manja m'malere ngati akuthyola mango amene anthu ena sakuwaona. Pamenepo banja limayamba kufunsana ngati kuli bwino kugulitsa ng'ombe kuti wodwala akapeze makina otere ku South Africa kapena ku India. Funso limeneli liyenera kuyankhidwa bwino, cifukwa ng'ombe ikapita yapita, ndipo miyezi imene banja likufunafuna ndalama ndiyo miyezi imene dzanja likanaphunzira msanga.

KODI MAGALASI AMENEWA N'CIANI?

Pa Cingelezi amati virtual reality. Munthu amabvala cipangizo cophimba maso onse awiri, ndipo m'kati mwake muli timasikirini tiwiri toonetsa zithunzi zopangidwa ndi kompyuta. Akatembenuza mutu, zithunzinso zimatembenuka, motero ubongo umakhulupirira kuti munthuyo ali m'munda kapena m'khichini pomwe ali pa mpando wa m'cipatala. M'manja amagwira tizipangizo touza kompyuta mmene dzanja likuyendera. Wodwala akatambasula mkono, amaona dzanja la m'cithunzi likutola cipatso ndi kuciika m'dengu, ndipo makinawo amawerenga kuti watola zingati.

Pali mtundu wina wosaphimba maso, pomwe wodwala amayang'ana pa TV ndipo kamera kapena kacipangizo ka m'manja ndiko kamatsata thupi lake. Palinso magalasi amene munthu amaona cipinda cake cenicenico koma kompyuta n'kuonjezamo zinthu zina, monga mizere pansi yomuonetsa poponda. Mitundu yonseyi pamodzi akatswiri amaichula kuti extended reality, kapena XR mwacidule.

CIMENE CIMACITIKA MU UBONGO

Sitiroko imacitika pamene mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo kacigawo ka ubongo kamene kanali kulandira magazi amenewo kamafa. Bvuto silili m'dzanja iai. Minofu ndi mafupa a dzanja zili bwino. Cimene caonongeka ndi malo amene anali kutumiza mau ku dzanjalo. N'cifukwa cake kutema mphini pa mkono kapena kuusisita ndi mankhwala otentha sikufika pamene pali nthenda.

Kafukufuku wa ku University Teaching Hospital mu Lusaka, wofalitsidwa mu 2021, anaona odwala sitiroko 324 amene anagonekedwa kumeneko. Mwa anthu 100 alionse, 80 anali ndi BP, ndipo 24 anamwalira ali m'cipatala momwemo. Otsalawo anabwerera kwao, ambiri a iwo ndi mbali imodzi yofooka. Amenewa ndiwo eni ake a phunziro lino.

Kacigawo ka ubongo kamene kafa sikamauka, koma zigawo zoyandikana nako zikhoza kuphunzira nchito imene kanali kugwira. Zili monga njira ya ku dimba pamene mlatho wagwa: anthu amayamba kudutsa pena, m'maudzu, ndipo njira yatsopanoyo imaoneka pokhapo ngati mapazi apitapo kambirimbiri. Ubongo umakhala wokonzeka kwambiri kutsegula njira zotere m'miyezi itatu yoyamba, ndipo pakapita miyezi isanu ndi umodzi kusintha kumayamba kucedwa, ngakhale kuti sikulekeratu. Dzanja likasiyidwa pa miyendo, ndipo wodwala n'kumacita zonse ndi dzanja labwino, ubongo umazolowera kuiwala dzanja lofookalo.

Nanga "kambirimbiri" ndi kangati? Pa kafukufuku wa makoswe ndi anyani, nyamazo zinali kubwereza kutambasula ndi kutola mazana angapo pa tsiku kuti ubongo usinthe. Koma mu 2009, gulu lotsogoleredwa ndi Catherine Lang linawerenga zimene zinali kucitika m'zipatala za ku America ndi ku Canada, ndipo linapeza kuti pa ulendo umodzi wa physio wodwala anali kubwereza nchito ya dzanja maulendo pafupifupi 32 cabe. Ngati kumeneko, kumene kuli anchito ambiri, ciwerengero cinali cocepa motero, tsono munthu wa ku Mchini amene amafika ku physio kamodzi pa sabata, kapena kawiri pa mwezi, ali kutali kwambiri ndi mlingo wofunika. Apa ndi pamene opanga makina anaona mpata. Kubwereza cinthu cimodzimodzi kumagwetsa ulesi, koma kukasanduka masewera okhala ndi zigoli, munthu amapitiriza osadziwa kuti ola latha.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Pali bungwe lochedwa Cochrane limene nchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku yense wocitika pa nkhani imodzi ndi kumuyesa pamodzi. Pa nkhani ya makinawa ndi sitiroko, nchitoyi yatsogoleredwa ndi Kate Laver wa ku Australia. Mu 2017 anasonkhanitsa makafukufuku 72 a odwala 2,470. Anapeza kuti makina akayerekezedwa ndi physio wa masiku onse wa nthawi yofanana, dzanja silinacire mopambana. Koma makinawo akaonjezedwa pamwamba pa physio, kotero kuti wodwala wagwira nchito nthawi yaitali, phindu linaoneka. Mu 2025 anabwerezanso nchitoyo ndi makafukufuku 190 a odwala oposa 7,000, ndipo apa anati makina amathandiza pang'ono kuposa njira zina pa kagwiridwe ka dzanja ndi pa kuima osadzandira. Mau ofunika pamenepa ndi akuti "pang'ono". Makafukufuku ambiri mwa amenewa anali a anthu ocepa, ndipo ofufuzawo anacenjeza okha kuti umboni wina ndi wosalimba.

Kafukufuku amene banja la m'komboni liyenera kumumvetsa bwino ndi wa mu 2016, wotsogoleredwa ndi dotolo Gustavo Saposnik wa ku Toronto. Anatenga odwala 141 m'zipatala 14 za ku Canada, Argentina, Peru ndi Thailand, onse asanathe miyezi itatu cigwidwireni sitiroko, ndipo onse anapitiriza kulandira physio wao wa masiku onse. Pamwamba pake, theka anapatsidwa masewera a pa TV a Nintendo Wii, ola limodzi maulendo khumi m'masabata awiri. Theka linalo anapatsidwa ola lomwelo ndi maulendo omwewo, koma masewera ao anali makhadi, bingo, kuponya mpira ndi kusanja timitengo. Pomaliza anayesa liwiro la dzanja pa nchito zosiyanasiyana. Magulu onse awiri anapita patsogolo, ndipo panalibe kusiyana kooneka pakati pa a makina ndi a makhadi.

Odwala a m'kafukufukuyu anali aja amene dzanja linali kugwedezeka ndithu, osati lofooka kotheratu, motero zopezazo sizikhudza wodwala aliyense. Komabe tanthauzo lake ndi loonekeratu. Cimene cinathandiza ndi ola loonjezera la kugwiritsa nchito dzanja pa cinthu cokondweretsa. Makina ndi njira imodzi yopezera ola limenelo, ndipo ndi njira yodula.

Izi sizitanthauza kuti makinawa ndi cinyengo. Amawerenga mosanama kuti dzanja layenda kangati, amaonjezera kubvuta kwa masewera pamene wodwala akulimba, ndipo amalola munthu kuyeseza kuoloka mseu wa magalimoto ali m'cipinda mopanda ngozi. Pa nkhani ya ululu ali ndi mbiri yabwino. Kuyambira mu 1996, Hunter Hoffman ndi David Patterson a ku Seattle anayamba kubveka magalasi odwala akupsa ndi moto pa nthawi yotsuka zilonda ndi yoongola ziwalo. Masewera ao, SnowWorld, amaika wodwala m'dziko la madzi oundana, ndipo maganizo akatanganidwa kumeneko ululu umamveka wocepa. Amene anaonapo mwana wopsa ndi mbaula m'mwezi wa June akuongoledwa cigongono adziwa kuti kucepetsa ululu wotere si nkhani yaing'ono. Ofufuza a ku Stellenbosch University anayesa makina ochipa a mtundu umenewu pa odwala akupsa 11 pa cipatala ca Tygerberg ku Cape Town, ndipo mu 2010 anafalitsa kuti n'zotheka kuwagwiritsa nchito m'cipatala ca boma ca mu Africa, ngakhale kuti odwalawo anali ocepa kwambiri kuti munthu agamulepo za ululu.

Muno m'Zambia magalasi amenewa analowera khomo lina. Mu 2019, Eric Bing ndi Groesbeck Parham pamodzi ndi anzao anafalitsa nchito imene anacita mu Lusaka, yophunzitsa madotolo acinyamata opareshoni yocotsa ciberekero ca mai wodwala khansa ya khomo la ciberekero. Ophunzirawo anali kubvala magalasi a Oculus Rift ndi kubwereza opareshoniyo pa wodwala wa m'kompyuta asanagwire munthu weniweni. Apanso phindu linali pa kubwereza.

Zobvuta zake ziliponso. Ena amamva cizungulire, mutu kapena mseru. Wodwala khunyu, kapena amene anayamba kukomoka atadwala sitiroko, asabvale magalasi otere popanda cilolezo ca dotolo, ndipo munthu wofooka mwendo asawabvale ali ciimire payekha, pakuti maso akaphimbidwa saona mpando kapena mbaula imene ili patsogolo pake. Amafuna malaiti, ndipo anthu a m'Chipata sanaiwale mmene malaiti anabvutira mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Timabokosi tochipa tolowetsamo foni timatsata mutu wokha, sititsata dzanja. Ndi tabwino poonera zithunzi, koma wogula asayembekeze kuti tiphunzitsa zala kugwira sipuni.

KALILOLE

Pali cipangizo cina conyenga ubongo cimene cinayamba kugwira nchito m'zipatala magalasiwa asanafale, ndipo cimapezeka pa msika wa Kapata. Ndi kalilole, galasi lodziyang'anirapo. M'zaka za m'ma 1990, dotolo V. S. Ramachandran wa ku California anaona kuti anthu odulidwa mkono amene anali kumvabe ululu m'dzanja limene kulibe anali kupezako bwino akayang'ana cithunzi ca dzanja lotsalalo pa kalilole. Mu 1999 iye ndi Eric Altschuler anafalitsa zotsatira za njira yomweyo pa odwala sitiroko. Mu 2018 a Cochrane anasonkhanitsa makafukufuku 62 a anthu 1,982, ndipo anapeza kuti kalilole amathandiza kayendedwe ka ciwalo cofooka ndi nchito za tsiku ndi tsiku, makamaka akaphatikizidwa ndi physio.

Kacitidwe kake ndi kotere. Wodwala akhale pa mpando woyedzamira, manja onse awiri ali pa tebulo. Kalilole aimikidwe pakati pa manjawo, m'mphepete mwake mutaloza pa cifuwa ca wodwala, mbali yoonetsa nkhope itayang'ana ku dzanja labwino. Dzanja lofooka likhale kuseri, losaoneka, motero kalilole akhale wamkulu wokwanira kubisa mkono kucokera pa cigongono kufika ku zala. Mphete, wochi ndi zibangili zibvulidwe, cifukwa ubongo ukaona wochi umazindikira msanga kuti ili ndi dzanja lina. Tsono wodwala ayang'ane m'kalilole, osati pa dzanja lenileni, ndipo ayendetse dzanja labwino pang'onopang'ono: kufumbata ndi kutambasula, kutembenuza cikhatho kumwamba ndi pansi, kukhudza cala ciliconse ndi cala cacikulu, kudzutsa dzanja pa mfundo yake. Maso amaona ngati dzanja lofooka ndilo likuyenda, ndipo kuseri kuja wodwala ayese kuliyendetsa mofanana, ngakhale litangogwedezeka pang'ono kapena osagwedezeka n'komwe.

M'makafukufuku aja odwala anali kucita zimenezi pafupifupi mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, kwa masabata anai. Wotopa msanga angayambe ndi mphindi khumi m'mawa ndi khumi madzulo. Wailesi itsekedwe ndipo ana apite panja, pakuti njirayi imafuna maganizo onse. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imathekanso kwa uja amene dzanja lake silinayambe kugwira kanthu, amene masewera a makhadi kapena a makina sangawakwanitse. Akamva cizungulire kapena mseru aleke, ndipo banja likauze a physio.

NSOLO NDI NCHITO ZA PA NYUMBA

Dzanja likayamba kugwira, nthawi ya masewera yafika. Nsolo sanali pa mndandanda wa masewera a dotolo Saposnik, koma munthu akaonetsetsa zimene dzanja limacita pa nsolo apeza zonse zimene a physio amafuna: kutambasula mkono, kutola miyala, kuinyamula, ndi kuisiya umodzi umodzi m'maenje. Kusiya ndiko kumabvuta kwambiri, pakuti dzanja la sitiroko limaphunzira kufumbata msanga kuposa kutambasula. Poyamba miyala ikhale ikuluikulu ndipo wodwala atole umodzi pa nthawi. Thabwa la nsolo liikidwe pa tebulo kuti asawerame. Masewera amodzi amabweretsa kutola ndi kusiya kocuruka popanda wowerenga, ndipo amabweretsanso anzake pa khonde. Ici si cacabe, cifukwa odwala sitiroko ambiri amagwidwa ndi cisoni cacikulu, ndipo munthu wacisoni sacita masewera olimbitsa thupi.

Amai amene sakonda nsolo ali ndi zao: kusankha nyemba m'licero, kusenda nshawa, kupinda zitenje, kupanika mapegi m'mphepete mwa mbale, kutsegula ndi kutseka botolo, kupukuta tebulo. Draft wa zitsekero za mabotolo ndi wabwinonso. Cofunika n'cakuti dzanja lofooka ndilo ligwire, ndipo nchito ikhale yobvutirapo pang'ono koma yotheka. Ikapepuka, nyemba zilowe m'malo mwa miyala. Mwana wa sukulu apatsidwe kope kuti azilemba tsiku ndi ciwerengero, monga "Lolemba, miyala 60; Laciwiri, miyala 75". Imeneyo ndiyo nchito imene kompyuta imagwira m'makina aja, ndipo kope lomwelo lipite nao ku cipatala.

Cimene cimalepheretsa zonsezi kawirikawiri ndi cikondi. Mpongozi amaona apongozi ake akulimbana ndi batani la malaya, cifundo cimugwira, n'kuwamangira. Mawa awadyetsa, mkuja awasambitsa m'manja. Pa mwambo zimenezi ndi ulemu, ndipo mpongozi amene angaime n'kumaonerera akhoza kunenedwa ndi anansi. N'cifukwa cake ndi bwino kuti mwana wamkulu wa m'banjamo afotokozere abale ndi alendo kuti kusiya atate amange okha batani ndi lamulo la ku cipatala. Wosamalira athandize pokhapo pamene wodwala walephera, ndipo athandize mbali yokhayo imene yakanika.

Pa phewa pafunika kusamala kwambiri. Minofu ikafooka, mkono umalendewera ndipo fupa limatsika pa malo ake. Wodwala asadzutsidwe pomukoka dzanja lofooka kapena pomugwira m'khwapa, ndipo mkono usakwezedwe mokakamiza kupitirira phewa. Akakhala pansi, mkono utsamire pa pilo kapena pa tebulo. Phewa likayamba kuwawa wodwala amakana masewera onse, ndipo masabata amatayika.

Masewera a pa nyumba salowa m'malo mwa a physio, amene anaphunzira nchitoyi ku Evelyn Hone College, ku University of Zambia ndi m'masukulu ena. Iwo ndiwo amayesa wodwala ndi kunena kuti wafika pa kalilole, pa miyala kapena pa kuyenda ndi ndodo. Popeza ulendo wa ku cipatala ndi wodula, ugwiritsidwe nchito mokwanira: apite ndi munthu amene amakhala ndi wodwala tsiku lonse, osati amene wangopezeka ndi galimoto, ndipo munthuyo apemphe kuti amuonetse nchito zitatu kapena zinai za pa nyumba, azicite yekha pamaso pa a physio, afunsenso kuti azibwereza kangati. Ngati pa cipatala cina pali makina a virtual reality ndipo a physio aona kuti wodwala angawakwanitse, palibe cifukwa cokanira, malinga ngati akuonjezera pa masewera a masiku onse.

Mankhwala a BP ndi a shuga asalekedwe ngakhale wodwala akumva bwino, pakuti amene wadwalapo sitiroko ali pa ngozi yodwalanso. Amene abwerera ku Kasenengwa nthawi ya kulima atenge mankhwala okwanira, khadi la ku cipatala, kalilole ndi kope lija, ndipo akadzionetse ku kiliniki ya kufupi kuti azipimidwa BP. Pakamwa pakapotokanso, mau akayamba kusamveka, kapena mbali ina ikafooka mwadzidzidzi, masewera aime ndipo wodwala apite ku cipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, osam'patsa madzi kapena phala pa njira cifukwa akhoza kutsamwa.